Kagalimoto ka Desley Pakati pa Mathiraki a Mgodi

Desley Bock ndinamudziwa tili atsikana kuno kwathu ku Tindarra, pamene ankaphika pamalo odyera madalaivala kumathero kwa tawuni. Anali wamfupi, wa mawu okwera, ndipo dalaivala akadandaula kuti nyama yauma ankamulanda mbale n'kumuuza kuti akadye kwa amake. Madalaivala ankamuopa, koma sankasiya kubwera. Mmodzi wa iwo anali Merv, mwamuna wamtali ngati mlongoti, amene ankanyamula ng'ombe pa thiraki yokoka ngolo zitatu, zija timazitchula kuti sitima zapamsewu. Merv sankadandaula za chakudya. Ankadya mwakachetechete, akatha n'kulowa kukhitchini kukatsuka yekha mbale yake.

"Glenys," anandiuza Desley, "mwamuna wotsuka mbale osauzidwa sumulola kuti adutse. Ameneyu ndi wanga."

Anakwatirana, nabereka mwana mmodzi, Shanae, amene atakula anakwatiwa kunyanja, ku Townsville. Merv anapitiriza kunyamula ng'ombe mpaka imvi zinamera, ndipo Desley anasamukira kusukulu komwe ankaphikira ana. Ine ndinali ndi kasitolo kanga moyang'anizana ndi nyumba yawo, kotero palibe chimene chinkachitika kwawo osandipeza.

Desley anali ndi kagalimoto koyera, kakang'ono, kopitira kusukulu ndi kutchalitchi. Msewu waukulu sankaufuna n'komwe. Merv akakwera kagalimotoko mawondo ankamufika pachibwano, ndipo ankakanyoza kuti ndi chitini cha nsomba.

"Nyoza," ankayankha Desley. "Chitini chomwechi chidzakunyamula tsiku lina."

Ankanena mongoseka, koma tsikulo linafikadi. Merv anayamba ndi matenda a shuga, kenako maso anachita khungu mpaka anamuletsa kuyendetsa galimoto, kenako impso zinaleka kugwira ntchito. Madokotala anati kuti akhale ndi moyo ayenera kumalumikizidwa ku makina osefa magazi katatu pa sabata, ndipo makina apafupi anali kutawuni yaikulu ya Mount Isa, ulendo wa maola angapo. Poyamba anayesa kukhala komweko, m'nyumba yogonamo odwala ochokera kutali. Merv anayamba kufota tikuona. Sankadya, sankalankhula, ankangoyang'ana khoma. Anauza mkazi wake kuti akumva ngati ng'ombe yoikidwa m'khola la kokaphedwera. Nyumba yakuti akhalemo awiri inasowa, chifukwa tawuni yonse inali itadzaza ndi anthu a m'migodi. Basi anabwerera kwawo. Galimoto yaikulu ya Merv inali itafa injini kalekale, ikuchita dzimbiri kuseri kwa nyumba. Kanatsala ndi kachitini kaja, ndipo woyendetsa anali Desley.

Msewu wathu, kufikira pamene ukukumana ndi msewu waukulu wa ku Mount Isa, uli ndi phula lokwana galimoto imodzi yokha pakati. Mbali zonse ndi miyala ndi dothi lofiira. Ukakumana ndi thiraki, wamng'ono ndiwe amene umatsika paphula, chifukwa thiraki yolemera ikaponda dothi lofewa imagubuduka. Kale zimenezi sizinali nkhani. Unkatha kuyenda m'mawa wonse n'kukumana ndi thiraki imodzi ya ng'ombe, dalaivala wake wodziwika, n'kukwezerana dzanja. Koma chaka chomwe Merv anadwala, kumwera kwa tawuni kunatsegulidwa mgodi watsopano. Kunabwera mathiraki okoka ngolo zinayi, odzaza miyala ya mgodi, otsatizana ngati nyerere. Ena akupita odzaza, ena akubwerera opanda kanthu, ngolo zikulumphalumpha.

Merv, ali pampando wa wokwera, maso ake osaona bwino, anakhala mphunzitsi. Anaika m'kagalimotomo wailesi yake yakale yolankhulirana ndi madalaivala. Ulendo wina ndinapita nawo kukagula katundu wa sitolo, ndipo ndinamva mmene ankachitira.

"Ikubwera, ndaimva. Tsika."

"Ndaiona, sindine wakhungu ngati iwe."

"Chepetsa kaye liwiro ndiye utsike. Ukatsika ukuthamanga miyala idzakutenga. Pita kutali, Des, kutali ndithu. Ima."

Tinaima m'thengo, matayala ali mu udzu wouma. Chithiraki chinadutsa chikubangula, ngolo yoyamba, yachiwiri, yachitatu, ndipo yomaliza inali ikugwedezeka uku ndi uku ngati mchira wa galu. Kagalimoto kathu kanatekeseka konse. Miyala inawaza pazitseko, kenako fumbi linatiphimba mpaka sitinathe kuona ngakhale kutsogolo kwa galimoto yathu yomwe.

"Usanyamuke," anatero Merv. "Fumbi likhale kaye pansi. M'fumbi lotere mumabisala inzake."

Asanamalize n'komwe, ina inatulukira m'fumbimo.

Ndinayang'ana manja a Desley pachiwongolero. Anali atagwira mwamphamvu mpaka zala zinayera. Merv anapitiriza kulankhula mofatsa, ngati akunena za nyengo. Anati munthu ukakhala pamwamba paja m'thiraki, kagalimoto kakayandikira kwambiri sumakaona, kamalowa pansi pa mphuno. Anati thiraki yodzaza ukaiponda buleki imapitabe mtunda wautali isanaime. Anati madalaivala ambiri ndi anthu abwino, koma chitsulo sichidziwa ubwino wa munthu.

"Wandilimbitsa mtima kwambiri," anatero Desley. "Zikomo, abusa. Tsopano tseka pakamwa."

Anaseka onse awiri. Koma titafika ku Mount Isa, Merv atalowa kumakina, ndinamupeza Desley kuseri kwa chipatala akusanza.

Kuyambira pamenepo ndinayamba kumuyang'anitsitsa. Tsiku la ulendo ankadzuka kunja kukungoyera, n'kuzungulira kagalimoto kake akuponda matayala ndi phazi. Tiyi sankamwa, ankati amabwerera. Anaonda mpaka mphete inkavuka yokha. Galasi lakutsogolo linaswedwa ndi mwala, anaikitsa lina, nalonso linachita mng'alu pasanapite nthawi. Tsiku lina ngolo yomaliza inadutsa pafupi kwambiri mpaka inathyola kagalasi koonera kumbuyo. Anabwera m'sitolo mwanga ali nako m'manja, n'kukaika patebulo.

"Taona. Apa panali mutu wanga, apa kagalasi. Glenys, ine sindingathenso."

"Ndiye usapite. Tipeze wina."

"Ndani? Amuna onse ali kumafamu kapena kumgodi komweko. Mwamuna wako wapitapo kangapo, ndikuthokoza, koma naye ali ndi ng'ombe za eni ake. Ndikapanda kupita Merv afa. Ndikapita tifa tonse. Ndiye undiuze, ndisankhe imfa iti?"

 Ndinamuthira madzi ozizira m'kapu, iye n'kungoigwira osamwa.

Sikuti anangokhala manja lende. Anasonkhanitsa anthu a m'tawuni, ndipo a kumgodi anatumiza mwamuna wina wa malaya osita bwino kudzatimvera m'holo. Desley anaimirira n'kufunsa ngati mathiraki sangamaimeko pang'ono m'mawa kuti odwala ndi ana asukulu adutse. Mwamunayo anamvetsera mwaulemu, nati za msewu ndi za boma, ndipo boma linali kale ndi maganizo oukulitsa. Anatilangiza kuti tizisamala.

"Bambo," anatero Desley, "ine ndasamala mpaka ndatha thupi. Kusamala kwanga sikukukulitsa msewu."

Anthu anaomba m'manja, mwamunayo anamwa tiyi wathu, napita. Chimene chinatsatira n'chakuti anayamba kukumba chigawo china cha msewu kuti akonze, n'kupatutsira magalimoto onse kunjira yafumbi ya m'mbali. Kenako ntchito inaima. Fumbi linachuluka kuposa kale.

Chimene chinathyola Merv ndi imfa ya Tahlia Venning, mphunzitsi wachitsikana amene anabwera kusukulu yathu kuchokera kumwera. Anali ndi kagalimoto kofiira, kofanana kukula ndi ka Desley. Loweruka lina akupita ku Mount Isa anafuna kupitirira thiraki m'fumbi, osadziwa kuti kutsogolo kukubwera ina. Desley ndi Merv anafika pamalopo apolisi asanachotse galimotoyo. Desley anafuna kudutsa osaima, koma Merv anati aime. Merv anatsika, nayenda ndi ndodo yake, n'kukapapasa chitsulocho ndi manja popeza maso sankamuthandiza. Desley anandiuza kuti kagalimotoko kanali katapindika ngati pepala lofinyidwa m'dzanja. Dalaivala wa thirakiyo anali atakhala pansi m'dothi, mutu uli pakati pa mawondo. Merv anakakhala naye pansi pomwepo kwa kanthawi. Kenako anabwerera m'galimoto, napitiriza ulendo wa kuchipatala.

Tsiku la ulendo wotsatira Desley anatulutsa galimoto, koma Merv anakhala pakhonde atavala zovala zogonera. Mawu awo ndinkawamva ndili m'sitolo.

"Vala, nkhalamba iwe, dzuwa likukwera."

"Sindipita."

"Wati chiyani?"

"Ndati sindipita. Lero, mawa, mpaka kale. Ndatopa nawo makina aja."

"Bodza! Watopa liti? Dzana lomweli umaseka ndi anamwino."

"Des, ndinakagwira kagalimoto ka mwana uja. Pampando wa dalaivala panalibe malo ngakhale a mphaka. Ine ndatha kale. Iwe uli ndi mwana, uli ndi zidzukulu. Sindilola kuti akakutole ndi fosholo chifukwa cha ine."

"Ndiye ukufuna ndikhale pano ndikuonerere ukutupa? Ukudziwa mmene amafera munthu wosiya makina? Amamira, Merv. Amamira ali pampando m'nyumba mwake."

"Bola ndimire ndekha."

Desley anamulalatira, anamutukwana mawu amene sindinamumvepo chiyambire, kenako anagwada pakhondepo n'kugwira mawondo ake akulira. Merv anangomusisita tsitsi. Sanasunthe.

Shanae anaimba foni kuchokera ku Townsville akulira, nati, "Adadi, bwerani kuno, makina aliko pafupi, mudzakhala ndi ife." Merv anati wamva, aganizira. Koma tonse tinkadziwa kuti nyumba ya Shanae inali yodzaza kale ndi ana, ndipo Merv anali atanena kuti sadzafera kutali ndi dothi lofiira. Namwino amene amayendera tawuni yathu anabwera, nakhala naye nthawi yaitali. Potuluka anauza Desley kuti munthu wanzeru zake akakana chithandizo palibe angamukakamize.

Tsiku loyamba la makina linadutsa Merv osapita, lachiwiri linadutsanso. Miyendo ya Merv inatupa mpaka nsapato zinakana. Nkhope inafufuma. Anasiya kugona pabedi chifukwa akagona chagada mpweya unkamuthawa, ndiye ankakhala pampando usana ndi usiku. Desley anasiya kudya. Ankamuyezera madzi ndi supuni, n'kumabisa mchere, n'kumamupempha m'mawa uliwonse ngati mwana wopempha switi. Tsiku lina ndinamupeza wakhala m'kagalimoto kake, injini ikulira, zitseko zotseka, osapita kulikonse.

"Ndikudikira kuti mwina asintha maganizo," anatero. "Ukudziwa, Glenys? Kale ndinkapemphera kuti ndisaonenso msewu uja. Mulungu wandiyankha, koma taona mayankhidwe ake."

M'mawa wina anagogoda chitseko changa ndi zibakera zonse ziwiri. Anali wopanda nsapato.

"Wavomera! Wati akumira, wati ndimuperekeze. Bwera undithandize kumunyamula."

Ndinamupeza Merv ali wefuwefu, milomo itada, thukuta lili kamukamu. Maso ake anali a munthu amene waona imfa pafupi n'kupeza kuti si mmene ankaiganizira. Tinaimbira a ndege ya madokotala. Anatiuza kuti ndege ili kutali, yapita kukatenga anthu ena ovulala, ndipo ichedwa. Anati ambulansi ikunyamuka ku Mount Isa nthawi yomweyo, ndipo ngati tingathe tinyamuke tikakumane nayo panjira. Mwamuna wanga anali atapita ndi galimoto yathu yaikulu kufamu. M'tawuni munali akazi, ana ndi nkhalamba. Tinamukweza Merv kumpando wakumbuyo, ine n'kukhala pambali pake kumuchirikiza kuti asagwe chagada. Lamba anakana kumukwana bwino chifukwa cha kutupa, koma tinamukakamiza mpaka anatseka.

Desley anayendetsa mmene sindinamuonepo. Tinakumana ndi mathiraki awiri obwerera kumgodi, ndipo anatsika paphula, kudikira, n'kukweranso, akulankhula yekha. Merv ankapuma ngati madzi akuwira m'ketulo. Nthawi ndi nthawi Desley ankafuula osacheuka.

"Uli moyo, nkhalamba?"

"Ndilipo," ankayankha, mawu akuchita kukokedwa.

Kenako tinafika panjira yafumbi ija, ndipo kutsogolo kwathu kunali khoma lofiira. Inali thiraki yodzaza miyala, ikuyenda pang'onopang'ono chifukwa cha mabampu. Thirakiyo sitinkaiona, tinkangoona fumbi lake. Desley anatenga wailesi.

"Wa thiraki yopita kumpoto, panjira yafumbi, mukundimva? Ndili kumbuyo kwanu, kagalimoto koyera. Ndanyamula wodwala, akufa. Ndipatseni njira."

Kunamveka phokoso, kenako mawu a mwamuna wachinyamata, odekha. Pambuyo pake tinadziwa kuti dzina lake ndi Sione, wochokera kuzilumba za Tonga, ndipo anali ndi mkazi ndi ana kutawuni ya Cloncurry.

"Ndakumvani, mayi. Sindikukuonani, koma ndakumvani. Musayerekeze kutuluka pano. Kutsogolo kukubwera anzanga awiri."

"Ndiye imani!"

"Ndikaima pano nditseka njira yonse, ndipo m'mbali muno ndi mofewa, ndigubuduka. Pirirani pang'ono. Tikakwera paphula pali malo owongoka. Ndikuuzani ine."

Tinakwawa m'fumbimo. Linalowa m'galimoto ngakhale mawindo anali otseka, ndipo Merv anayamba kutsokomola, thovu likutuluka pakamwa. Mathiraki awiri aja anadutsa ngati mabingu, osaoneka, kagalimoto kathu kakunjenjemera. Mutu wa Merv unagwera paphewa panga. Ndinamugwedeza.

"Desley, sakuyankha."

"Merv! Merv, ndiyankhe, galu iwe!"

Anatsegula maso pang'ono. "Dikira," ananong'ona. "Mvera mnyamatayo."

Desley anali akulira mokweza tsopano, akumenya chiwongolero ndi chikhatho. Anatenganso wailesi. "Mwana wanga, chonde. Chonde. Ndakhala naye moyo wanga wonse. Andifera kumbuyo kuno."

"Tatsala pang'ono, mayi. Ndikuona phula. Ndauza anzanga onse a kutsogolo kuti aime pomwe ali. Gwirani mtima."

Matayala anakwera paphula, fumbi linachepa, ndipo kwa nthawi yoyamba tinaiona ngolo yomaliza, yaitali kuposa denga la nyumba, ikugwedezeka patsogolo pathu.

"Tsopano, mayi. Kutsogolo kuli mbee. Ndafinyikira kumanzere mmene ndingathere, ndipo ndikuchepetsa liwiro. Dutsani, koma musaime pakati."

Desley anatulukira kumanja n'kuponda mafuta mpaka pansi. Phula linali lochepa, ndiye matayala athu a kumanja anali m'miyala. Kagalimoto kanalira ngati kakufuna kung'ambika, koma ndi anthu atatu m'kati kanalibe mphamvu. Tinadutsa ngolo yomaliza. Pawindo langa ndinkangoona matayala, lililonse lalitali ngati galimoto yathu, akuzungulira pafupi moti ndikanatha kuwakhudza. Tinadutsa ina. Thirakiyo inkaoneka ngati ilibe mathero. Ndinamva Desley akunena kuti, "Tiye, tiye, kamwana, tiye."

Tili pambali pa ngolo yachiwiri, tayala lakutsogolo linagwera m'dzenje lomwe madzi a mvula anakumba m'mphepete mwa phula. Linaphulika. Galimoto inakokera kumanja, Desley anaikhotetsa kumanzere, ndipo inabwerera mopitirira. Ndinamva kugunda kumodzi kokha, osati kwakukulu n'komwe, ngati munthu wamenya chitseko. Tinali titakhudza tayala la ngolo. Kenako kumwamba kunakhala pansi.

Nditazindikira, galimoto inali itagona cham'mbali m'thengo, ndipo kunali zii, kupatula wailesi imene inkaitana kuti, "Mayi? Mayi? Ndiyankheni, mayi." Phewa langa linali litathyoka. Desley anali atapanikizika mwendo pansi pa chiwongolero, magazi akutsika pamphumi, koma ankayesa kudzipotokola kuti aone kumbuyo.

"Glenys, ali bwanji? Ndiuze, ali bwanji?"

Merv anali atanditsamira, akupumabe.

Thiraki inakaima kutali kwambiri. Ndinaona Sione akubwera chothamanga pamsewu, chimwamuna chachikulu, chipewa chitagwa, akufuula mawu a kwawo. Anaswa galasi lakumbuyo ndi manja, natulutsa ine, kenako anamunyamula Merv ngati mwana n'kukamukhazika pamthunzi wa kamtengo, atamutsamiritsa pachifuwa pake kuti apume. Desley sanathe kumutulutsa. Chitsulo chinali chitamugwira mwendo.

Mtunda wa pakati pa galimoto ndi kamtengoko unali waufupi, koma Desley sankatha kumuona mwamuna wake chifukwa cha mmene galimoto inagonera. Ankangofuula.

"Merv! Ukundimva?"

Milomo ya Merv inagwedezeka. Sione anaweramitsa khutu, kenako anakweza mawu, misozi ili chuchuchu. "Akuti akukumvani, mayi."

"Muuze kuti ambulansi ikubwera. Muuze asayerekeze kundisiya muno."

"Akuti mwayendetsa bwino. Akuti dzenjelo palibe akanaliona."

"Muuze asiye zonditonthoza, apume!"

Anapitiriza choncho, Desley akufuula, Sione akubweza mayankho. Madalaivala ena anafika ndi zitsulo n'kuyamba kukanula chitseko. Merv anauzanso Sione mawu ena amene sanawakweze. Ine ndinali pafupi, ndinawamva. Anati, "Si iwe, mwana wanga. Wachita zonse bwino." Kenako kupuma kuja kunayamba kutalikirana, mpaka kunaleka.

Desley anafuulanso. "Wati chiyani? Bwanji mwangoti chete?"

Sione anandiyang'ana.  Desley anaitana dzina la mwamuna wake kawiri, katatu, kenako anasiya. Ambulansi inafika madalaivala atangomaliza kumutulutsa. Anakana kukwera mpaka atamunyamula kupita pakamtengo paja. Anakhala pansi m'dothi, mwendo uli wopindika, n'kupukuta fumbi pankhope ya Merv ndi mkono wa malaya ake.

Kuchipatala Desley anagonako nthawi yaitali. Mwendo anaupulumutsa, koma mpaka lero amayenda ndi ndodo. Funso lake linali limodzi, ndipo anafunsa dokotala aliyense wolowa m'chipindamo: chinamupha Merv ndi ngozi kapena ndi madzi a m'chifuwa? Madokotala anati mtima wake unali utatopa kale, ndipo mwina sakanafika ngakhale pa ambulansi. Desley ankagwira mawu akuti mwina.

"Mwina si yankho," anandiuza. "Ndikanadikira kumbuyo kwa thiraki ija, bwenzi ali moyo? Ndikanapanda kumukakamiza masiku onse aja, bwenzi atafera pampando wake, ine nditamugwira dzanja. M'malo mwake anafera m'manja mwa mlendo, ine ndikukuwa m'chitsulo."

Ndinamukumbutsa kuti Merv ndiye anapempha yekha kuti apite. Anagwedeza mutu, koma sindikhulupirira kuti zinalowa.

Apolisi sanapeze mlandu pa wina aliyense. Sione anabwera kumaliro ndi mkazi wake, atavala zakuda ndi mphasa yomanga m'chiuno monga amachitira kwawo, ndipo anaima kumbuyo kwenikweni. Desley, ali panjinga ya odwala, anatuma munthu kuti akamuitane akhale kutsogolo ndi abale. Sione anayesa kubwerera kuntchito koma sanathe. Anandiuza kuti akangoona kagalimoto pagalasi manja ankachita dzanzi. Pano amagwira ntchito yokonza matayala ku Cloncurry.

Chigawo cha msewu chimene anakumba chija anachimaliza chaka chotsatira, ndipo ndi chotakata bwino. Kwina konse phula likadali la galimoto imodzi, ndipo mathiraki achuluka.

Desley anagulitsa nyumba n'kupita kwa Shanae. Ndinakamuona chaka chatha. Amagona m'chipinda chimodzi ndi mdzukulu wake wamkazi, ndipo amaphikira banja lonse, akukalipira aliyense wosiya chakudya m'mbale. Mawu ake akadali okwera. Mdzukulu yemweyo, wamkulu pa onse, wangoyamba kumene kuyendetsa, ndipo makolo ake amugulira kagalimoto kakang'ono kabuluu. Tsiku limene ndinali kumeneko mtsikanayo anatenga makiyi kuti apite kwa anzake. Desley anasiya mpeni pa anyezi, natsimphina mpaka pakhomo.

"Udutsira njira iti?"

"Ya kudoko, agogo. Ndi yachidule."

"Ya kudoko kuli mathiraki. Zungulira."

"Agogo, ndichedwa."

"Chedwa."

Mtsikanayo anayang'ana amake, amake anayang'ana pansi. Anapita. Desley anaima pakhomopo mpaka kagalimoto kanakhota pakona, ndipo kanakhotera kudoko. Anabwerera kukhitchini, natenga mpeni, koma maso ake anali pawindo, moti anyezi uja ndinamaliza kudula ndine.